Dzina la Bambo m'Buku la Masukulu

Bangwe, Limbe
14 Juni 1984

Okondedwa achemwali anga a Petronela,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mayi ali bwanji ndi miyendo ija? Ine ndili bwino, kungoti chiperoni chatigwira masiku ano. Inu a ku Nsanje odandaula kutentha mudzagoneko kuno sabata imodzi, mudzabwerera mukuthokoza Mulungu chifukwa cha thukuta.

Ndikadali m'chipinda chomwe chija cha kuseri kwa msika. Mnzanga wa ku Chikwawa uja anasamukira ku Lilongwe, ndiye ndikaweruka ndimangocheza ndi wailesi. Lamulungu ku Misa ndimakhala dala kumbuyo kwa amayi ena olankhula Chisena kuti ndimveko malankhulidwe a kwathu. Sandidziwa, inenso sindinawapatsepo moni. Ndimasungulumwa kwambiri, achemwali. Anthu ali mbwee, koma wako palibe.

Kuntchito tikulemba buku lalikulu lofotokoza sukulu za m'dziko muno. Sukulu iliyonse ili ndi kandime kake: ili kuti, inayamba liti, anaiyambitsa ndani, imalekeza kalasi yanji. Ntchito itachuluka, bwana analemba ntchito mkonzi watsopano, Zubeda, mwana wa telala wina wa ku Ndirande, n'kundiuza kuti ndimuphunzitse.

Tsiku loyamba ndinamusiya alembe za sukulu imene anaphunzirako. Mukanaona! Akuti ndi sukulu yotchuka koposa m'chigawo chonse cha kummwera, aphunzitsi ake anzeru zakuya, ana ake aulemu ngati angelo. Ndinadutsamo ndi cholembera chofiira, n'kutsala mizere iwiri yokha. Ndinamuuza kuti buku lotere si nyimbo ya paukwati, wolitsegula akufuna kudziwa, osati kumva matamando. Ndinamunong'onezanso kuti mayina a anthu ena azifunsa kaye kwa bwana, poti buku lisanatuluke pali maso ena amene amaliwerenga. Izo mukuzidziwa nokha.

Kenako ndinamupatsa malamulo anga awiri amene ndimanyada nawo. Loyamba, munthu asalembe za sukulu ya kwawo, chifukwa mtima umanamiza dzanja. Lachiwiri, chimene sichinalembedwe paliponse chimalowa m'buku pokhapokha pali mboni yoona ndi maso, ndipo mboniyo isakhale m'bale wa wotchulidwayo. Mtsikanayo ndi wakhama, anazimva kamodzi basi. Pano amachita kundikonza ine ndemwe.

Sabata yatha tinafika pa sukulu za kwathu, ndipo ya ku Nyamphembe ndinapereka kwa iye monga mwa lamulo. Anapita kumishoni kukafufuza, n'kupeza kuti m'mabuku mwawo muli dzina la wansembe yekha, kuti ndiye anatsegula sukulu mu 1951. Dzina la malemu bambo athu a Nikolasi mulibe. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera kuti bambo anayamba kuphunzitsa ana pansi pa bwemba wansembeyo asanabwere n'komwe ndi njinga yake, kuti ana ankalemba ndi chala pamchenga, kuti inu muli kamtsikana munkasenza udzu wofolera chisakasa choyamba. Anamvetsera zonse mwaulemu, kenako anati:

"Bambo Semba, ndakumvani, ndipo ndikukhulupirira. Koma inu ndinu mwana wawo. Mboni ina ilipo?"

Ndinapsa mtima moti tsiku limenelo nkhomaliro sindinadye. M'basi pobwerera ndinayamba kuseka ndekha, anthu n'kumandiyang'ana. Msampha ndinatchera ndekha, wakola mwendo wanga.

Musaganize kuti sindinaganizepo zongoika dzinalo mwakachetechete. Womaliza kuwerenga masamba asanapite kumakina osindikizira ndine, palibe angandigwire. Koma mawa lake ndingamuyang'ane bwanji mwana wa eni ake amene ndakhala ndikumuthira inki yofiira miyezi yonseyi? Ndipo bambo mukuwadziwa momwe ankadanira ndi mwana woonera mayeso.

Bukuli lipita kumakina kumapeto kwa Ogasiti. Dzina likapanda kulowa tsopano, ana a ku Nyamphembe azidzawerenga kuti sukulu yawo inabwera panjinga, ndipo ife tikadzapita sipadzakhala wotsutsa.

Ndakhala ndikuwerenga mumtima anthu amene anali akuluakulu nthawi imeneyo. Pafupifupi onse anatsogola. Mayi sangakhale mboni poti ndi akazi awo. Watsala munthu mmodzi yekha, ndipo ndikudziwa kuti mwayamba kale kukwinya nkhope: a Dominiko. Ndi iwo amene ankathandizana ndi bambo pansi pa bwemba paja. Sindinaiwale kuti kuyambira pamene amishoni anapatsa bambo uphunzitsi n'kuwasiya iwo, moni unatha pakati pa nyumba ziwirizi. Sindinaiwalenso kuti pamaliro a bambo munawabwezera dengu lawo la ufa anthu akuona. Sindikukudzudzulani, tonse tinali ndi mkwiyo.

Pempho langa ndi ili. Mugwire nkhuku imodzi mupite kwa a Dominiko, inu nomwe, osatuma mwana. Muwapemphe kuti akafotokoze kwa wansembe wa parishi momwe sukulu inayambira, iye alembe, adinde chidindo, inu munditumizire. Ndikanapita ndekha, koma tchuthi sangandipatse buku lisanathe. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu wolemera, ine ndili phee kuno kutali.

Akakana, musawakakamize. Chimene chikundiopsa si kukanako. Mwina adzanena kuti sukulu anayambitsa ndi iwowo, bambo ankangowathandiza. Ine panthawiyo ndinali wamng'ono, zimene ndikudziwa ndi zimene tinkamva m'nyumba mwathu. Akanena choncho, achemwali, musawadule mawu ndipo musapemphe wansembe kuti akonze. Zilembedwe momwe anenere, ndipo Zubeda adzazilowetsa momwemo, ine ndili pambali.

Mundiperekere moni kwa mayi, koma nkhaniyi muwauze inu mwa nzeru zanu, pang'onopang'ono. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Eliness, kwa mwana wanu Bernadeta ndi azing'ono ake onse. Ndipo mukafika kwa a Dominiko, musanatchule za sukulu, muwauze kuti Onesimo, mwana uja amene iwo ankamunyamula pakhosi madzi akasefukira, wapereka moni ndipo akufunsa za moyo wawo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,

Onesimo Semba