Mwala wa Saidi Sulowanso M'madzi

Amayi, kodi mukupezako bwanji kumene muliko?

Kuno ku Chipoka tilipo ndithu. Mpunga wa m'dimba lanu lija wachita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zinatikuwitsa mpaka mawu kusasa. Mpongozi wanu anachira mwezi wathawu, mwana wamwamuna. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo akamalira amamveka mpaka kunjanji, monga momwe inu munkatiitanira tikachedwa kosambira. Denga la nyumba yanu linasasuka ndi mwera. Sindinalikonze, mundikhululukire.

Koma chimene chandigwiritsa pensulo ndi mwala uja.

Mukukumbukira zomwe ndinakuuzani nditangotsika sitima. Paphiri pamene mng'ono wanga Saidi anagwera ku Burma, kuwombana kutatha, ife otsala tinaunjikapo miyala. Palibe anatilamula. Aliyense ankasenza mwala kuchokera kumtsinje, kukwera nawo phiri, n'kuuika pamulu akutchula dzina la mnzake. Ine ndinatola iwiri yofanana. Umodzi ndinausiya pomwepo m'dzina la Saidi. Winawo ndinabwera nawo m'chikwama, anzanga akundiseka kuti ena akupita kwawo ndi mabulangete, ine ndi mwala. Inu simunaseke. Munaulandira ndi manja awiri, ndipo munkagona nawo kumutu kwa mphasa mpaka tsiku limene munatisiya.

Sadaka yanu itatha ndinaganiza zomumangira Saidi mulu wake konkuno, pansi pa bwemba uja ankasokerapo maukonde. Mukudziwa kuti gombe lathu ndi mchenga wokhawokha, mwala umachita kufunidwa. Ndinkapalasa bwato kukaitenga kuchilumba, manja mpaka matuza. Asilikali anzanga a ku Khombedza atamva anabwera nayo yawo, aliyense ndi dzina la munthu amene anamusiya kutsidya kwa nyanja yamchere. Wa ku Burma uja ndinauika pamwamba.

Posakhalitsa muluwo unayamba kuchepa. Asodzi a khoka la alongo anu, amalume a Yusufu, ankatolapo miyala yomangirira kunsi kwa ukonde kuti uzimira. Azimayi ena anapezapo mafuwa. Ndinkangobwezeretsa osanena kanthu, poti munkati munthu wamkulu sayankha galu aliyense wouwa. Koma Lachisanu lapitali, pochokera kumzikiti, ndinapeza wapamwamba uja palibe. Ndinaupeza m'bwato la amalume, utamangidwa chingwe, ausandutsa nangula.

Amayi, mtima wanga unawawa kuposa tsiku lija paphiri. Mwala umene inu munkausisita mukulira, iwo amauponya m'matope kuti bwato lisatengeke.

Amalume anati, "Iwe Amidu, mwala ndi mwala. Akufa sadya chambo, anjala ndife amoyo. Kapena ukufuna tiyambe kupembedza miyala?"

Ine ndinati, "Amalume, sindipembedza mwala. Koma Saidi, mwana wa mlongo wanu, sitinamusambitse, sitinamuveke nsanda, manda ake palibe wa kuno adzawaone. Chomwe chinabwera kwawo ndi ichi."

Ndinatulutsa mpeni n'kudula chingwecho asodzi onse akuona. Ndikudziwa kuti simunandilere kuti ndiziyankha akulu, koma sindikupepesa, ndipo sindidzapepesa. Iwo akulengeza gombe lonse kuti nkhondo inandizunguza mutu. Andichotsanso pakhoka, moti kwathu ndiwo ndi therere tsiku ndi tsiku, chonsecho mpongozi wanu ali m'chikuta. Zikundipweteka, sindikubisirani. Komabe therere silinaphepo munthu.

Ine ndi Saidi tikamenyana tili ana, munkatigwira makutu n'kumati chibale ndi fupa, sichiola. Ndiye ndikudziwa kuti amalume tsiku lina adzaphwa mtima, poti nawonso ndi fupa lathu. Koma aphwe asaphwe, fupa lina lili paphiri la eni ake, mvula ikulikwapula, ndipo lilibe woliyankhulira koma ine.

Muluwo ndaumanganso, ndipo ulendo uno ndaumata ndi dothi la pachulu. Wofuna mafuwa abwere ndi khasu, andipeze ndili pomwepo.

Patuma, mwana wa Saidi uja anabadwa bambo ake atapita kale, wakula, mano akutsogolo aguluka. Kale akafunsidwa kuti ababa ako ali kuti, ankaloza kusiteshoni, n'kumathamangira sitima iliyonse. Dzulo ndinapita naye pabwemba paja. Ndinamuuza zonse monga zinalili, osamunamiza. Kenako anatola kamwala kake, n'kukakanikiza padothi lisanaume, n'kutchula dzina la bambo ake monga tinkachitira ife. Sitima ya masana italira, sanatembenuke n'komwe.

Ngati mumaonana naye Saidi kumeneko, mumuuze kuti mwana wake waleka kumudikira kunjanji, tsopano akudziwa pomupeza. Ndipo inu ndikukulonjezani: denga lanu ndilifolera mvula isanagwe, koma mwala uja, ine ndili moyo, sulowanso m'madzi.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani uja,
Amidu