Zilembo zisanu ndi zitatu

Lamlungu madzulo, Silver Spring

Kondwani wandiswa mtima, tsiku lonse landiipira.

Tili ku Zomba, tisanabwere kuno kunja, ankapanga nyimbo pa pulogalamu yakale ija ya pakompyuta, ya timabokosi. Unkadina bokosi ili ilire ng'oma, ilo chilire chisekese, kachidutswako nkumangobwerezabwereza. Kachidutswa kalikonse kanali ndi dzina, koma malo ake anali a zilembo zisanu ndi zitatu basi. Langa, Tiyamike, linkakwana ndendende, ndiye nyimbo yomwe tinapanga limodzi anaitcha dzina langalo. Ankati, "Waona? Anapangira iweyo." Ine kupusa, ndinkakhulupirira.

Lero titaweruka kutchalitchi anandionetsa pulogalamu yatsopano, ati imatsegulanso nyimbo zakale ndipo imalola mayina aatali. Anatsegula yathu ija. Ng'oma ndi zomwezija ndinadina ndi chala changa, koma pamwamba palembedwa "Chimwemwe wanga".

Nditamufunsa anati, "Aa, iwe, ndikunena chimwemwe cha mumtima."

Ngati sindinapite kusukulu. Cha mumtima timati changa. Wanga ndi munthu, ndipo ndikumudziwa, amaimba kwaya, amakhala m'tauni ya Falls Church.

Ndalira m'basi mpaka kupitirira potsikira. Bola yakale ija, inalibe malo a wina. Za Kondwani sindidzanenanso.