Mng'alu Pansi pa Chishalo

Lolemba, 3 Juni

Lero Chimphona chandichititsa manyazi pamphambano, anthu akuona. Njinga yamoto yaikulu chonchija, miyezi inayi yokha chiigulireni! Ndangoti ndikhotere kumanzere kulowa msewu wa kuntchito, injini zii. Nyale zazima, hutala sakulira, ine ndili pakati pa msewu, lole ikubwera. Dalaivala waponda mabuleki mpaka matayala kununkha, kenako watulutsa mutu pawindo: “Bambo, ngati ukalamba wakupezani kaguleni ndodo!” Ndaikankha ndi miyendo mpaka kumbali. Nditawongola chiwongolero, yalira yokha ngati palibe chachitika.

Aka n'kachitatu. Kunyumba sindinanene. Mayi a ana anakana kuyambira pachiyambi zogula njingayi, ndiye ndikawauze chiyani?

Lachiwiri, 4 Juni

Masana ntchito itachepa ndaivundukula. Vuto ndalipeza. Mtolo wa mawaya anaudutsitsa pakhosi pa felemu, pambali pa kachitsulo kakuthwa. Ukakhotera kumanzere mtolo umakokeka n'kumakhula pamenepo, moti waya umodzi wasupuka. Ine si wa magetsi, ndine wowotcherera zitsulo, zaka 26 pa ntchitoyi, koma ngakhale ine sindingadutsitse waya pa mpeni. Ndakulunga tepi.

Popeza ndinali nditayamba kale, ndachotsanso chishalo. Chizolowezi changa chija: chitsulo chilichonse ndimachigogoda ndi kanyundo n'kumvetsera. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chong'aluka chimangoti gu. Ndagogoda kumanja, ngwee. Kumanzere, pansi penipeni pomwe pamakhala wokwezedwa, gu.

Ndapaka palafini, ndapukuta, ndawaza ufa wa choko. Posakhalitsa mzere wakuda watulukira pa choko choyeracho, wowonda ngati tsitsi, kutalika kwake chala changa chapakati. Wayambira pomwe anawotcherera a kufakitale. Kuwotcherera kwake abale! Zitosi za nkhuku zenizeni. Wowotchererayo akanakhala wa pansi panga akanapita kwawo tsiku lomwelo.

Manja anandiyabwa. Ndinatsegula mng'aluwo ndi girayinda, ndinawotcherera, ndinasalaza, ndinapopera penti yakuda. Ola limodzi basi. Chithunzi sindinajambule, ndani amajambula manyazi ake?

Lachitatu, 5 Juni

Yayenda bwino. Pomwe ndawotcherera ngakhale ine mwiniwake ndikuchita kupafufuza.

Lachinayi, 6 Juni

Alamu anabwera poweruka ndi mlongo wanga, mzime wa kwathu, amene ndinamulera ndekha bambo atamwalira. Njinga yawo ndi mtundu womwewu, shopu yomweyi. Ndine ndinawakoka dzanja kuti akagule, ndikumenya pachifuwa kuti zitsulo ndimazidziwa. M'mawa uliwonse amamukweza mlongo wanga kupita naye kuntchito, madzulo kukamutenga. Ndiye ali ndi pakati pa miyezi isanu, mwana woyamba.

Alamu akuti yawonso yazima kawiri pokhota. Ankanena akuseka, munthu uja chilichonse n'choseketsa. Ndinawauza za waya, n'kuti abwere nayo kuntchito kwanga ndiione. Za mng'alu zinafika pakhosi, koma mayi a ana anali pomwepo akuthira tiyi, ndipo ndikudziwa diso lomwe akanandiyang'ana nalo. Ndinameza.

Pochoka ndinaona mlongo wanga akukwera, akukhala pamalo pomwe paja. Ndinadziuza kuti mwina yanga yokha ndi imene inatuluka yoipa.

Lachisanu, 7 Juni

Ndapita kushopu. Mkulu wa pamenepo ndimamutcha Tayi, chifukwa ngakhale kutenthe bwanji tayi sachotsa. Tsiku logula ankanditcha bwana katatu pa mpweya umodzi. Lero wandiimika pa kauntala mphindi 40, iye akuseka pa foni.

Nditafotokoza za kuzima, akuti: “Ndinu oyamba kudandaula. Mwina mumaitsuka ndi madzi ambiri.” Madzi! Ndinamuuza kuti abwere aone waya. Atangoona tepi, nkhope yake inawala ngati watola ndalama. “Ooh, mwakhudza? Apa ndikukhululukirani, koma werengani apo.” Pakhoma pali chipepala: aliyense wokhudza mawaya kapena felemu, waranti yake yatha.

Ndinapsa mtima mpaka makutu kulira. Ndiye ndikanadikira kuti lole indipere kaye kuti waranti ikhale yamoyo? Ndinamufunsa zimenezo anthu akumva. Anangokonza tayi wake.

Za felemu ndinatseka pakamwa. Ngati tepi yamusangalatsa chonchi, nanga akamva kuti ndinawotcherera?

Loweruka, 8 Juni

Woyamba kudandaula ine? Bodza lamkunkhuniza! Andilowetsa m'gulu la pa foni la eni njinga zimenezi, tilimo 14. Aphunzitsi ena fyuzi yawapsera kanayi. Wometa wina anaona utsi ukutuluka pansi pa thanki ali pa liwiro. Aliyense Tayi anamuuza kuti ndi woyamba.

Yowawa ndi nkhani ya a Ndevu, mmodzi wa m'gululo. Mwezi watha chitsulo cha pansi pa chishalo chinathyoka ali paulendo, akazi awo anagwa, mkono unathyoka pawiri. Kushopu anawayankha kuti analemetsa njinga. Atanena kuti sananyamule katundu, Tayi akuti anafunsa kuti kodi amayiwo amalemera makilo angati. Munthu wopanda mwambo! Ndinaponya foni pampando ndi mkwiyo.

Talemba kalata kuti njinga ziyesedwe. Ndasayina nawo. Ndinalemba kuti “nanenso yanga inang'aluka,” kenako ndinafufuta ndisanatumize.

Alamu alimo m'gulumo koma sawerenga mauthenga, akuti amawatopetsa maso. Njinga sanabweretse, ati sabata yamawa.

Lolemba, 10 Juni

Kalata yagwira ntchito. Lachitatu kukubwera injiniya wa kampani yomwe imaitanitsa njingazi. Ayesa imodzi yokha, yomwe yayenda mtunda wautali kuposa zonse.

Ndi yanga.

Lachitatu, 12 Juni

Sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Injiniya uja anabwera ndi tochi ndi magolovesi oyera. Tayi pambali pake, ife eni njinga asanu ndi mmodzi kumbuyo, a Ndevu ali pomwepo. Anachotsa chishalo. Sanagogode n'komwe, kanyundo alibe, injiniya wanji? Anaunika kumanja, kenako kumanzere. Anayendetsa chala pomwe ndinawotcherera paja, kawiri, n'kutembenukira kwa ife: “Mwaona? Iyi ndiye ntchito ya fakitale yathu. Apa sipangathyoke ngakhale mutakweza anthu atatu.” Anajambula chithunzi.

Chomwe chikundinyansa ndi ichi, ndipo ndilemba chifukwa buku ili saliwerenga wina: mtima wanga unakoma. Kwa kanthawi ndinamva kukoma kuti ntchito ya manja anga yamupusitsa munthu wa masukulu. Kenako ndinaona a Ndevu atagwetsa nkhope, akupotokola chisoti chawo m'manja.

Pakamwa panga panali ngati pawotchereredwa. Za mawaya akuti “tiziona.” Tiziona liti, maliro atachitika?

Lachinayi, 13 Juni

Atumiza kalata kwa tonse, chithunzi cha ntchito yanga chili pamwamba. Felemu ilibe vuto, ngozi ya a Ndevu ndi kusasamala kwawo, nkhani yatsekedwa. Mbava za anthu, kutenga thukuta langa kupukutira manyazi awo!

Koma ndikutukwana ndani? Anawapatsa chopukutiracho ndine.

Alamu anaimba foni, akuseka monga mwa masiku onse: “Alamu, ndamva kuti njinga zapambana mayeso. Ndiye kubwera kuja kwatha eti? Loweruka ndikupita nawo achemwali anuwa kukaona amayi.” Msewu wa kwa amayi awo ndikuudziwa, ndi wafumbi, maenje okhaokha. Ndinati tikambirana. Anati foni ikutha moto.

Madzulo mayi a ana anaika mbale patebulo n'kukhala moyang'anana nane. “Masiku atatu mukungotola chakudya ngati mbalame. Ovololo yanu ya sabata yatha inali ndi penti yakuda, pomwe mageti onse mukupanga ndi obiriwira. Mwakwirira chiyani?” Mkazi uyu akanakhala wapolisi, ndende zikanadzaza.

Ndinawauza zonse. Ndimayembekezera “ndinanena ine.” Sananene. Anangoti: “Manyazi anapha lambe, bambo. Koma apa amene afe si inu.” Ananyamula mbale yanga osandifunsa ngati ndakhuta.

Lachisanu, 14 Juni

Ndalemba m'gulu, ndipo ulendo uno ndatumiza. Kuti chithunzi chija ndi ntchito yanga, kuti panali mng'alu, kuti ndinaubisa. Ndalongosolanso za kanyundo, palafini ndi choko, kuti aliyense ayese yake.

Kenako a Ndevu: “Munaima pambali panga Lachitatu.” Basi, mawu okhawo. Bola akanandimenya.

Wina wapereka uthengawo kwa Tayi, pakuti pagulu sipalephera kazitape. Wandiimbira mwaulemu wonyansa: waranti yanga yatha, ndipo popanda chithunzi cha mng'alu mawu anga ndi nthano. “Mwina munawotcherera pabwinobwino kuti mutiipitsire mbiri.” Ndinamuuza mawu omwe sindingalembe muno.

Alamu ndaimba kasanu ndi kawiri, foni yozima. Ya mlongo wanga ikungoitana, kuntchito kwawo saloledwa kuyankha, ndipo akaweruka amaiiwala m'chikwama. Pa foni dzulo lija alamu anati anyamuka 7 koloko. Ndikafika 6.

Loweruka, 15 Juni

Chimphona ndinachisiya kunyumba, ndinakwera basi, m'thumba muli kanyundo, kabotolo ka palafini ndi choko. Basi inachedwa. Ndinawapeza injini ikulira kale, mlongo wanga atavala chisoti, mwendo umodzi uli m'mwamba.

“Tsika!” Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

Alamu kuseka: “Mwadzuka bwanji alamu, kapena mwalota zoipa?” Ndinazimitsa ndekha, ndinachotsa chishalo. Ndinagogoda kumanzere. Gu. Kumanja. Gu.

Palafini, nsanza, choko. Tinaima atatu tikuyang'ana. Mzere unatuluka kumanzere, wautali kuposa wanga, watsala pang'ono kuzungulira chitsulo chonse. Kumanja wina, waufupi. Nditakankha ndi chala chachikulu, chitsulo chinagwedera. Kuseka kwa alamu kunathera pomwepo, anakhala pansi pa sitepe.

Mlongo wanga anavula chisoti pang'onopang'ono, dzanja lina lili pamimba. “Achimwene, mwadziwa bwanji kuti muyang'ane pamenepo?”

Ndinamuuza.

“Liti?”

“Lachiwiri la sabata yatha.”

Anawerenga ndi zala, ine ndikuona. “Masiku asanu ndi atatu a ntchito, kupita ndi kubwera. Lachinayi lija ndinamwa tiyi kwanu, munandiperekeza mpaka pageti, munandiona ndikukwera.” Sanakweze mawu. Chibadwire sanandiyang'anepo chomwecho.

Alamu anadzuka, akufuna kukonza zinthu monga mwa khalidwe lawo. “Basi zachitika. Tiyeni nayo kuntchito kwanu muwotcherere, inu ndi katswiri.” Zoona manja anayabwanso, ndinali nditaona kale poyambira. Ndinawapisa m'thumba. “Ayi alamu. Pasapezeke wokhudza, ngakhale kupukuta chokocho. Jambulani. Tiikankha chonchi mpaka kushopu, ndipo injiniya uja abwere agogode yekha.”

Ndinatumiza zithunzi m'gulu. Aphunzitsi anayankha kuti nawonso yawo yati gu. Wometa chimodzimodzi. A Ndevu analemba kuti tikawapeza pageti la shopu, abwera ndi akazi awo, mkono uli m'chikhakha.

Tisananyamuke mlongo wanga anandipatsa chisoti chake m'manja. Ndinati ndimuitanire galimoto yoti imuperekeze kwa apongozi ake. “Musavutike,” anatero, “ndidziitanira ndekha.” Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Njinga ija n'njolemera. Makilomita anayi, alamu kumanja, ine kumanzere, chishalo ndachikolekera paphewa, chisoti cha mlongo wanga chikulendewera pachiwongolero. Njira yonse alamu sanaseke ngakhale kamodzi.