Nsapato za a Nambewe

Lachiwiri, Okutobala 1998. Kwatentha, ndipo ndanyansidwa tsiku lonse.

Eneresi, mwana wanga, wabwera nacho chithunzi kuchokera ku Zomba. Ndi chija tinajambulitsa ine ndi malemu mayi ake, a Nambewe, ku Mishoni. Chiswe chinadya m'mbali, ndiye anapita nacho kwa munthu wa kompyuta kuti achikonze.

Munthuyo wazunguliza maluwa ofiira m'mphepete monse, ngati nkhata za pamanda. Nkhope zatuluka bwino, sindikana. Koma maluwawo akwera mpaka m'mawondo, aphimba nsapato za a Nambewe.

Nsapato zimenezo zinali zawo zoyamba. Anazisenza pamutu kuchokera kuno kwa Malemia, kuopa fumbi, n'kukavalira pakhomo pa tchalitchi. A Nambewe anamuuza wojambula kawiri konse kuti, "Mapaziwa aoneke, achimwene."

Eneresi akuti, "Abambo, ndi mmene akukongoletsera masiku ano. Ndani amayang'ana mapazi?"

Chithunzi chatsopanocho ndachitembenuzira kukhoma. Chakale chija Eneresi akuti anachisiya kwa munthu wa kompyuta uja. Mawa ndilawirira ku Songani kukakwera minibasi ya ku Zomba. Chiswe chinali ndi ulemu, nsapato chinazisiya. Bola ndikapeze asanachitaye.