Chitupa cha Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Mutare tilipo, kungoti mwendo wa mayi a Rute ukuvutabe.

Ndinagula kope loti ndilembemo mbiri ya malemu bambo, chifukwa Rute atafunsidwa kusukulu kuti kwawo n'kuti, anayankha kuti kukomboni. Loweruka ndinakwera basi kupita ku Odzi kukaona a Jailosi, aja anabwera ndi bambo wapansi kuchokera ku Nyasalande. Akalamba zedi, maso sakuonanso. Anandisimbira za njala ya m'njira ndi momwe anawolokera Zambezi, ine ndikulemba. Nditafunsa dzina la mudzi wa bambo, anati, "Mwanawe, ife tinakumana pa Tete. Ndimangodziwa kuti ndi cha ku Dedza. Koma usavutike, mudzi ndi mfumu yawo zinalembedwa pa chitupa chawo."

Achemwali, chitupacho ndinachitentha ndine. Tsiku lija dziko lino linalandira ufulu, anzanga ankaponya zitupa zawo za atsamunda pamoto, ine n'kuthamanga kukatenga cha bambo m'sutikesi. Malemu amayi anandigwira mkono, koma ndinawakalipira kuti zaukapolo zatha. Sindinachiwerenge n'komwe.

Inu ndinu aakulu, munacheza nawo bambo kuposa ine. Chonde yesani kukumbukira, kaya ndi mtsinje kaya phiri limene ankalitchula, mundilembere. Ambuye akusungeni nonse. Tsamba loyamba la kope lija ndalisiya losalemba, likudikira inu.

Ndine mlongo wanu,
Faisoni