Chitsulo chosadziwa kuti ndi chitsulo

Lachitatu, pa 13 Novembala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale pansi.

Mwana wanga Tisungane wakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa. Akuyesa pa kompyutapo makina oswera mtedza amene anajambulira alimi a ku Kasenengwa, ntchito yake yomaliza ku yunivesite. Aphunzitsi akuifuna Lachisanu, apo ayi Tisungane abwereza chaka.

Masana anandionetsa. Pagalasi la kompyuta pali chithunzi cha gudumu lachitsulo ndi khoko la mtedza. Gudumulo liyenera kukanikiza khoko mpaka lisweke, koma limangodutsa ngati mu utsi. Kenako kompyuta imaima n'kulemba zofiira.

Ndinati, "Bwanji osaika chitsulo chokhuthala?"

"Atate, muno chitsulo sichidziwa kuti ndi chitsulo. Ndiyenera kuchiuza kuti chisapindike, ndichiuzenso mbali imene chikhudzane ndi khoko. Ndachiuza, koma sichikumva."

"Chatengera iwe," ndinatero. Sanaseke.

Kale njinga yake ikathyoka ndinkawotcherera, nsapato ikang'ambika ndinkasoka. Lero ndinalowa m'shedi mosungira zipangizo zanga, ndinanyamula hamala, n'kuibwezanso pamalo pake. Magetsi atathima ndinazimitsa wailesi kuti batire ya sola ikhale yake yekha. Tiyi amene amake anamuikira anazizira osakhudzidwa.

Chakumadzulo Tisungane anasintha manambala ena n'kuyesanso. Gudumu linafika pa khoko, ndipo khoko linayamba kupindika. Ndinagwiritsitsa mpando wake. Kenako zofiira zija zinabweranso.

Analankhula osatembenuka. "Atate, kapumeni. Mukaima kumbuyo kwangaku ndimasokonezeka."

Ndinatuluka. Ndakhala pakhonde ndi kope langali, pansi pa zenera pomwe sangandione. Ndikumva akugogodabe mabatani. Akasiya pang'ono, nanenso ndimasiya kulemba