Dzanja Lamanja la Amma

Matale,
17 Okutobala 2023

Okondedwa Aiya,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Milano, pamodzi ndi alamu ndi ana. Foni yanga simukuyankha, ndiye ndalemba pamanja, ndijambule nditumize pa foni ya alamu. Zoti Loweruka kubwera galimoto yodzatenga Amma, mayi athu, kupita nawo ku Gampola ndazimvera kwa Punchi, mng'ono wawo, osati kwa inu mchimwene wanga wamkulu.

Zimene munaona pa foni Lamlungu n'zoona. Dzanja lamanzere la Amma, labwinobwino lija, linali m'kathumba ka nsalu, ndipo ndinalimanga ndine. Mpunga unali mbwee patebulo ndi pachifuwa pawo. Munakalipa kuti ndikufuna kutchedwa dokotala ndi misozi ya amene anandibereka, kenaka munadula. Mawuwo sanandichoke m'mutu.

Aiya, zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa odwala kudya, kuvala ndi kusamba okha. Njira ya kathumbayi ndaizamira pa maphunziro a digiri ya udokotala amene ndimapitira ku Colombo. Munthu akadwala sitiroko ngati Amma, dzanja lamphamvu limalanda ntchito zonse, lofooka n'kuzolowera kugona. Tikabisa lamphamvulo kwa maola angapo masana, linzake limakakamizika kudzuka. Koma nthawi yabwino ndi inoyi, lisanaume.

Amma mukuwadziwa. Mpunga sangadye ndi dzanja lamanzere, ngakhale njala iwapweteke bwanji. Supuni anaikankha, ati imanunkha chitsulo, ndipo mpunga wosasakanizidwa ndi zala si chakudya. Ndiye ankagwira dzanja lamanja ndi lamanzere n'kulinyamulira kukamwa ngati katundu. Ku Gampola, Punchi adzawakakamiza supuni ndi chikondi chonse, ndipo chikondi chimenecho n'chimene chidzaphe dzanjali.

Sindikubisirani kuti zinali zowawa. Sabata yoyamba anaonda, analira, ananditcha mlonda wa ndende. Amma sali m'kafukufuku wanga, malamulo salola. Komabe tsiku limene chala chawo chachikulu chinatsina njere ya mphodza, maganizo anga anathamangira ku pepala langa la kusukulu asanafike kwa iwo. N'chifukwa chake mawu anu anandilasa. Dzulo kathumbako ndinakaponya pansi pa kabati, ndipo ndinagona nditatsimikiza kuti sukuluyo ndiisiya.

Lero linali tsiku loti ndikaonekere pamaso pa aphunzitsi, andifunse za kafukufuku wanga. Sindinavale. Ndinapeza Amma atakhala kale patebulo, kathumba kali pamiyendo pawo. Anakakoka ndi ndodo yawo.

"Manga," anatero.

Ndinawauza kuti Aiya akana.

"Mchimwene wakoyo amadyetsa nkhalamba za eni ndi supuni ku Italy, ndiye aziweruza dzanja langa pa foni? Manga, ukavale. Si lero mayeso?"

Mukukumbukira masiku a mayeso tili ana? Thaththa, bambo athu, ankadikira ndi njinga panja, Amma n'kutiimitsa pakhomo, kutiika mbamu ya mpunga ndi sambol, ndiwo ya kokonati ija, m'kamwa, yanu yayikulu chifukwa masamu ankakuvutani. Ndinali nditaiwala. Iwo sanaiwale.

Ndinamanga, zala zawo zakumanja n'kuyamba kuumba mbamu, mpunga ukuthawa. Ndinakhalira manja anga kuti ndisawathandize. Basi yoyamba inadutsa ndikuimva. Theka la mbamu linagwera pansi, koma theka linalo linafika m'kamwa mwanga, ndi dzanja lawo lamanja, lokha. Mchere unali wochuluka, kapena inali misozi yanga.

Kenaka anaumba yachiwiri, naisiya m'mphepete mwa mbale.

"Iyi ndi ya mchimwene wako Hemasiri. Abwere adzadye. Akachedwa adzapeza dzanjali litakwanira kumumenya khofi."

Ku Colombo ndinapita. Za aphunzitsi ndidzakuuzani mukadzafuna kuzimva.

Tsono za Loweruka. Amma amakunyozani kuseri, koma galimoto yotumidwa ndi mwana wawo wamwamuna sangaibweze pamaso pa anthu. Adzakwera chete. Inenso chipata sinditseka, inu ndinu wamkulu. Ndikudziwa kuti kukwiya kwanuko n'kwa munthu amene amapukuta pakamwa pa amayi a anthu ena, anu ali kutali. Sindikukuimbani mlandu.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Lachisanu, nthawi ya chakudya chamasana kuno, muimbe. Mpunga udzatayika, mwina adzalira. Musadule. Muonerere mpaka mbale ithe, kenaka muuze Punchi zimene mtima wanu wanena.

Moni kwa alamu ndi ana. Muzivala zofunda, kumeneko kwayamba kuzizira. Mbamu yanu Amma aivundikira ndi mbale, ndipo aletsa aliyense kuikhudza.

Ine mlongo wanu,
Nilmini